Mtsuko wa Mapira Ofiira

9 Juni

Wokondedwa mlongo wanga,

Moni nonse kunyumba. Ine kuno ndili bwino, kungoti msana wayamba kundikumbutsa kuti sindinenso mnyamata. Kaya iwe ndi ana ako? Nanga Bambo, manja aja ali bwanji ndi chisanu chayambachi? Kalatayi ndapatsira dalaivala wa lole ya matabwa imene imadutsa pamsewu wathu. Wavomera kuti azititengera makalata uku ndi uko, choncho yankho udzampatse yemweyo.

Ndikadali kufakitale ya chimera cha mowa. Sindinakufotokozerepo bwino ntchito yanga, poti kwathuko dzina lake lokha linkanunkha. Ndi nyumba yaitali, yamdima, pansi pake simenti yokhayokha. Barele ndi mapira tikazinyika m'mathanki timaziyala pansipo, ndiye ine ndi anzanga timayenda ndi mafosholo athabwa kutembenuza, kuti zisatenthe komanso kuti mizu isalukane. Kamchira koyera kakangotuluka, zonse kuuvuni. Ndi zomwe zija ankachita malemu Mayi pamasaka kuseri kwa khitchini pokonzera ana phala. Kusiyana kwake n'koti kuno kuli kapitawo wokuwa.

Tsono nkhani imene yandigwiritsa cholembera ndi iyi. Kwabwera mayi wina wofufuza wochokera kusukulu yaukachenjede. Timawatcha Mayi wa Mabotolo, chifukwa amayenda ndi timabotolo n'kumatapa chimera pang'onopang'ono. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwafunsa kuti timabotoloti n'tachiyani, ndipo anandiyankha bwinobwino ngati munthu. Akuti m'khungu la njere muli mankhwala achilengedwe amene mbewu imadzitetezera nawo, ndipo njere ikamera mankhwalawo amamasuka. Akuti akawafinya n'kuwapatsa makoswe oyera otupa mapazi, kutupako kumachepa. Ndipo akuti njere zofiira, zowawa kukamwa zija, ndizo zili ndi mankhwala ambiri.

Mlongo wanga, ndinaima ndi fosholo m'manja n'kuona zala za Bambo, n'kuonanso mapira ofiira a Mayi aja. Ndime imeneyi uwawerengere mokweza. Mwana uja Bambo anamutsekera chitseko n'kumutcha wantchito wa zidakwa, lero akutembenuza mankhwala. Unditumizireko kadzanja kamodzi ka mapirawo kuti mayiwa akayese.

Ine mlongo wako wa kutauni.

27 Juni

Achimwene,

Moni wanu talandira, nafenso tikupereka. Ana ali bwino, akudya ngati dzombe. Ine ndilipo. Bambo ndiye ayi. Nyamakazi chaka chino yawatsata kwenikweni. Mfundo za zala zatupa mpaka zikunyezimira, ndipo zala zonse zayamba kupendekera kumbali. M'mawa mabatani a malaya ndimawamangira ndine, kapu amaipana ndi zikhatho ziwiri ngati mwana. Mapiritsi akuchipatala anasiya, akuti amawaotcha m'mimba.

Kalata yanu ndinawawerengera pakhonde, mokweza monga munalamulira, bwana. Pofika pa wantchito wa zidakwa paja ndinafuna kudumpha, koma ndinawerenga. Anayang'ana nkhuku kwa kanthawi, kenako akuti, "Bwereza pa makoswepo." Ndinabwereza. Akuti, "Makoswe a kutauni ali ndi madokotala?" Ine ndinaseka, iwo osaseka. Kalatayo anaitenga, ili m'thumba la jekete lawo lakutchalitchi.

Za mapira, inu mukuganiza kuti nkhokwe ikusefukira. Mvula inadula msanga, tinakolola tochepa, ndipo tinatha kale kudya. Atsala ndi ambewu okha, mumtsuko wa Mayi uja, amene ndinawathira phulusa n'kumata pakamwa ndi dothi. Ndamatula, ndatapamo kadzanja kanuko, kali m'kabotolo ka mapiritsi, ndamatanso. Mtsuko umenewo ndiwo chakudya cha ana anga chaka chamawa, ndiye musauyang'ane kawiri.

Ngati chimera chanucho chili mankhwala, tumizani cha kuntchito kwanuko, poti mumangochipondaponda tsiku lonse. Mutumizenso sopo ndi mchere ngati kuthumba kukulola.

Ine mlongo wanu.

14 Julayi

Mlongo wanga,

Moni. Kabotolo kafika. Mayi wa Mabotolo atatsegula ananunkhiza, analuma njere imodzi n'kukwinya nkhope, kenako anaseka. Akuti sanaonepo mapira ofiira moderapo chonchi. Akuti ayamba awameretsa, awapere, ndipo zotsatira zitenga miyezi. Anthu asukulu sathamanga.

Zotumiza chimera cha kuno iwalako. Pageti amatisecha mpaka m'masokosi. Mnzanga wina anamupeza ndi njere m'thumba, zongogweramo potembenuza, ndipo ntchito inathera pagetipo. Ndazungulira msika wonse kufuna mapira ofiira, koma kuli oyera okhaokha. Sopo ndi mchere ndampatsira dalaivala.

Ndinawafunsa mayiwa mmene amachitira. Akuti kwawoko ali ndi makina ndi zosungunulira zawo, koma ine ndikuona kuti nzeru yake ndi yomweyi: chimera chouma, kupera, kunyika m'madzi ofunda, kusefa. Ngati kumeneko alipo amene ali ndi mapira ofiira, bwanji osayesa pang'ono? Palibe anafapo ndi madzi a chimera.

Koma sunandiuze bwino. Wati kalata ili mujekete. Kodi ananditchula? Anati "mwana wanga" kapena anati "uja"? Zaka zonsezi moni wanga wakhala akuthera m'manja mwako, iwo osayankha ngakhale ndi kutsokomola komwe. Usandiseke, koma masiku ano ndikutembenuza chimera ndikuyimba, mpaka anzanga akuti ndapeza chibwenzi.

Ine mlongo wako.

3 Ogasiti

Achimwene,

Moni. Sopo wafika, zikomo. Koma mukanadziwa zimene kalata yanu yabweretsa, mukanatumiza sopo yekha.

Nditangomaliza kuwerenga, Bambo akuti, "Katenge mtsuko." Ndinati, "Bambo, ija ndi mbewu." Akuti, "Mbewu imeneyo ndinayamba kubzala iwe usanabadwe, usandiphunzitse. Mbale imodzi yokha." Ndinapempha kuti ndifunse kwa anthu kaye. Ndinayenda makomo onse mpaka kutsidya kwa mlatho, achimwene, palibe amene akusunganso mapira amenewa. Onse anasiya, akuti ngowawa. Ndiye ndinamatula mtsuko, ndinapeta phulusa pafupi ndi thandala, ndinanyika, ndinafunditsa masaka. Atamera ndinayanika. Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti njere ikamera n'kuyanikidwa yafa, siidzameranso.

Madzi a chimeracho Bambo akumwa m'mawa ndi madzulo, tsinya lili pankhope, osasiya ndi dontho lomwe.

Tsopano akuti ndilembe mawu awo, ndipo akhala pompano akuyang'ana cholembera. Akuti: "Mwana wanga, ndakumva. Mankhwala ako ndikumwa. Manja ayamba kupola. Ugwire ntchito mokhulupirika, usamachedwe."

Apita kukagona pamkeka, tsono ndilembe anga. Ine kupolako sindikukuona. Mabatani ndikumangabe ndine. Chimene chasintha ndi pakamwa. Lamulungu lapitali anaimitsa akulu anzawo a mpingo pabwalo n'kumawauza kuti mwana wawo ali pantchito ya mankhwala pamodzi ndi madokotala. Ananenatu "mwana wanga", poti mumafunsa. Ndinasangalala, sindikana, mpaka misozi inalengeza. Koma mbale ija yatha, ndipo andituma kale yachiwiri.

Chonde alembereni kuti asiye. Ine sandimvera, ndine wophika chabe. Inu lero ndinu dokotala.

Ine mlongo wanu.

19 Ogasiti

Okondedwa Bambo, ndi iwe mlongo wanga,

Bambo, ndagwada pansi kupereka moni. Mawu anu ndawawerenga mpaka pepala lafewa. Ndinawawerengeranso anzanga pa nthawi yopuma, ndipo kapitawo yemwe uja anasiya kukuwa n'kumvetsera. Pitirizani kumwa, musadumphitse. Ndikamatembenuza chimera tsopano ndimadziwa kuti ndikutembenuzira inu. Kuntchito sindichedwa, Bambo, sindinachedwepo.

Iwe mlongo wanga, pano uwerenge chamumtima. Wandikhumudwitsa. Mwini thupi akuti ndikupola, iwe uli pambali ukuti sakupola. Ululuwo uli m'manja mwako kapena mwawo? Matenda a zaka sachoka ngati chimfine, mabataniwo adzamanga okha nthawi ikakwana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikudziwa kuti wavutika wekha chichokere bambo a anawo, ndipo mwina zikukuwawa kuti ine wothawa ndi amene ndikutamandidwa pabwalo la tchalitchi. Koma usaike mtsuko patsogolo pa bambo ako. Mbewu ili m'sitolo, yodzaza mashelefu. Mvula ikayandikira ndidzagula n'kutumiza. Bambo sagulidwa m'sitolo.

Ine mwana wanu, ine mlongo wako.

8 Sepitembala

Achimwene,

Moni, poti kalata imayamba choncho. Tili moyo.

Nsanje? Ine? Ndimawasambitsa, ndimawameta, ndimawamasulira lamba akafuna kupita kuseri, ndiye ndichitire nsanje pepala? Mwandilasa, ndipo ndakwiya kwambiri, mudziwe.

Mwakhalitsa kutauni mpaka mwaiwala munda wanu womwe. Munda wathu wagundana ndi bango la kumtsinje, kumene mpheta zimagona. Mapira oyera a m'sitolowo aneba anayesa, mbalame zinatha ngala zonse asanakhwime, iwo anakolola mapesi. Chimanga pamchenga paja chimapserera mvula ikangodula. Mayi sankasunga mapira ofiira chifukwa chokonda zowawa. Ankasunga chifukwa mpheta ikajompha kamodzi imapukuta mlomo n'kupita kwa ena. Kuwawa komwe akutama mayi anu a mabotolowo ndiye mlonda wa munda wathu.

Mbiri ya mankhwala anu yawanda. Anabwera akazi a mkulu wina wa mpingo, otupa mawondo aja, atanyamula kambale m'nsalu. Ndinawakodola Bambo ndi diso, koma iwo akuti, "Apatse, mwana wanga sangakonde kuti timane odwala." Ndinawapatsa. Anathokoza, n'kunena kuti auzanso anzawo.

Mtsuko wafika pakati. Sabata yatha ndinaubisa m'khola la mbuzi n'kunena kuti watha. Bambo anandiyang'ana n'kuti, "Mtsuko uja ndinagula ndine, mimba yake ndikuidziwa." Anakana kudya. Ndinayesa kulimba mtima, koma nditawaona akudzandira popita kuseri, ndinakautenga.

Akuti ndilembe kuti chala chachikulu chayamba kupinda. Ndalemba. Ine ndikuona chili chimodzimodzi. Kafunseni mayi anuwo maso ndi maso ngati khoswe ndi munthu ali ofanana. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ine mlongo wanu.

17 Sepitembala

Mlongo wanga,

Moni, ndipo pepa. Kalatayi uwerenge msanga, uwawerengerenso Bambo yonse osadumpha.

Ndinapita kwa Mayi wa Mabotolo monga unanenera, koma ndinapita monyada, mawu a Bambo aja ali m'manja, kuti aone kuti mankhwala awo achiza munthu. Anawerenga ataimirira, kenako anakhala pathumba la barele. Anandifunsa kuti, "Mapiritsi akuchipatala akumwa?" Ndinati anasiya. Anagwira kumutu.

Akuti zimene anandiuza n'zoona, koma n'za makoswe ndi za m'mbale zagalasi. Pa munthu sanayesepo, ndipo sakudziwa ngati zingagwire, kapena pamlingo wanji. Akuti zimene amapatsa khoswe mmodzi amazifinya kuchokera m'chimera chambiri, moti zimene zili m'kapu ya Bambo n'zochepa kwambiri, mwina palibe n'komwe. Akuti nyamakazi yamtundu umenewu imakwera n'kutsika yokha, ndipo ikasiyidwa popanda mankhwala enieni imadya mfundo, zala zikapindika sizibwerera. Akuti Bambo apite kuchipatala akanene za kuotcha m'mimbako, alipo mapiritsi ena amene angawasinthire. Nditanena kuti tikumeretsa mbewu yobzala, anandiyang'ana ngati ndaponda mwana.

"Ine ndinkangokufotokozerani ntchito yanga," anatero. "Sindinakulembereni mankhwala."

Bambo, siyani. Ndinamva theka n'kuthamanga nalo. Mlongo wanga, mata mtsuko lero lomwe, ndipo mawu a nsanje aja uwafufute. Manyazi andigwira moti fosholo ikundilemera.

Ine mlongo wako.

12 Okutobala

Achimwene,

Moni, ngati mukadali moyo. Chikulembereni mwezi watha simunayankhe. Lole ya matabwa sikuonekanso pamsewu, ndiye iyi ndapatsira kondakitala wa basi, kaya ifika. Ngati mwakwiya ndi mawu anga, kwiyani, koma lembani. Bambo akuti dokotala akakhala chete ndiye kuti pitirizani.

Kwatentha, ndipo mitambo yayamba kusonkhana masana. Anthu akulima mizere. Bambo nawo alowa m'munda kuti anthu aone kuti apola. Khasu sangaligwire, ndiye amandiuza kuti ndiwamangirire mpini kudzanja ndi nsanza. Ndimamanga. Akatema kangapo amaima, milomo ikunjenjemera, koma munthu akamadutsa amamwetulira n'kukweza khasu m'mwamba. Madzulo ndikamasula nsanzazo, dzanja limakhala lotentha ngati nsimbi.

Ndinawafunsa kuti, "Mizereyi tibzalamo chiyani?" Poti za mbewu ya m'sitolo ija ndinawauza, akuti, "Mchimwene wako anati atumiza." Ndinati za m'sitolozo n'zodyetsa mpheta, ndipo iwo akudziwa. Akuti, "Iwe sukudziwa kanthu. Mwana uja ndikamuuza kuti mankhwala ake ndi madzi chabe, adzalembanso?" Ndiye musaganize kuti ndi opusa, achimwene. Akudziwa zonse.

Mtsuko ndikagogoda ukulira. Koma ndabapo kapu imodzi ya njere, ndaisokera m'pilo wanga. Imeneyo ikhoza kutibwezera mbewu tikaisamala, ngakhale njala ya chaka chamawa ndiye yatipeza kale. Za piloyo musawauze.

Ine mlongo wanu.

29 Okutobala

Mwana wanga,

Moni. Ndalemba ndekha kuti uone. Zilembo zapindika chifukwa cholembera ichi n'choipa.

Mizere ndalima. Mankhwala atha. Mlongo wako ndi waliuma ngati mayi ake koma amandisamala.

Ntchito yako ndi yabwino. Ndinauza mpingo.

Sukulemba bwanji? Ngati watanganidwa ndi madokotala palibe kanthu. Ubwere pokolola.

Ndine bambo ako.

15 Novembala

Mlongo wanga,

Moni. Makalata awiri, yako ndi ya Bambo, andipeza tsiku limodzi. Ndinakulembera mu Sepitembala kuti musiye zonse! Ndathamangira kumalo a matabwa, ndapeza lole ija ili pamiyala, matayala anachotsa, injini ili pansi. Dalaivala anapita kwawo. Kalata yanga inali m'kabokosi ka kutsogolo pamodzi ndi masipanala, yodetsedwa ndi girisi. Ndaiika muno momwemo, uwerenge.

Ya Bambo sindinathe kuimaliza ulendo umodzi. Ndinatuluka n'kukaima kuseri kwa uvuni kumene kulibe anthu. Zilembo zija si za cholembera choipa.

Pali nkhani ina, ndipo sindikudziwa ngati ndi yabwino kapena ndi chipongwe. Zotsatira za kadzanja kaja zatuluka. Mayi wa Mabotolo anandifunafuna okha mpaka kumathanki. Akuti mwa mbewu zonse zimene ayesa, mapira a Mayi ndiwo ali pamwamba, kutalitali. Abwereza kunena kuti zimenezi sizikutanthauza kuti achiza munthu. Koma akufuna mbewu yamoyo kuti akabzale kusukulu kwawo, aichulukitse isatayike, ndipo ina adzatibwezere. Ndinafunsa ngati pa kadzanja kaja panatsalako njere. Akuti anameretsa zonse n'kupera.

Tsono pilo wakoyo umusamale ngati dzira. Ugawe pakati, theka ubzale, theka unditumizire. Mbewu ya m'sitolo ndatumiza pa basi. Ndi yoyera, ndikudziwa, koma mizere isakhale yopanda kanthu. Bambo uwatengere kuchipatala ngakhale akane. Tchuthi ndapempha, kapitawo wandikaniza mpaka ntchito ichepe.

Ine mlongo wako.

7 Disembala

Achimwene,

Moni. Makalata anu onse awiri afika, yagirisi ndi inzake, pamodzi ndi mbewu yoyera. Mvula inagwa. Tabzala yoyerayo, yamera bwino, ndipo mpheta zikudikira m'bango.

Za pilo muiwale. Kalata ija Bambo anailemba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, cholembera nditachimangirira kuzala ndi mphira. Atamaliza, manja anatupa mpaka m'zigongono. Ine sindinawamvepo Bambo akulira, ngakhale pamaliro a Mayi. Tsiku limenelo analira masanasana, ana akuona, akugubuduzika pamkeka. Ankati, "Mwana wanga, ngakhale pang'ono pokha, palibe?" Za piloyo sankadziwa, ndipo palibe anandikakamiza. Ndinatenga lumo ndekha n'kudula ulusi. Ndinanyika, ndinafunditsa, ndipo iwo anakhala pafupi ndi masakawo kudikira kuti zimere. Ndinkadziwa kuti ndi madzi chabe, iwonso ankadziwa, koma m'nyumba munalibe china choti ndiwapatse. Madzi akatayika saoleka.

Kuchipatala tinapita pa njinga ya aneba. Adokotala anatembenuza manja aja n'kundifunsa kuti tinali kuti nthawi yonseyi. Apereka mapiritsi ena, ululu wachepa, akugona. Koma akuti zala zinauma kale mmene zililimo. Khasu sadzagwiranso, ngakhale supuni.

Kalata yagirisi ndinawawerengera yonse monga munanenera. Pa mawu oti munamva theka n'kuthamanga nalo, akuti, "Apo usabwereze." Ina ija, yoti mapira a Mayi ali pamwamba pa onse, anandibwerezetsa mpaka kukhosi kunauma. Kenako anafunsa ngati mumtsuko mulibedi ngakhale njere imodzi. Ndinawabweretsera, anasuzumiramo. Muli phulusa lokha.

Mayi anuwo muwauze adikire, koma musawalonjeze. Pansi pa thandala, pamene ndinkapetera phulusa paja, pakati pa miyala pomwe nkhuku sizinafike, pamera timapira tochepa, tosakwana zala za dzanja limodzi. Sindikudziwa ngati ndi ofiira aja kapena ndi udzu wofanana nawo, tidzaona timapirato tikabereka. Ndazinga ndi minga. Bambo asamutsira mpando wawo pomwepo. Amakhala kuyambira m'mawa, manja ali pamiyendo, ndipo mbuzi ikayandikira sangatole mwala, amangokuwa. Mawu awo asasa. Dzulo mbuzi inadyako kambewu kamodzi iwo akuona.

Ndawauza kuti ndikukulemberani. Akuti musadandaule, musasiye ntchito, ndipo muyankhe msanga. Ndinafunsa ngati pali china. Anayang'ana manja awo nthawi yaitali.

Akuti ndikuuzeni kuti apola.

Ndalemba monga anenera.

Ine mlongo wanu.